Kakazingidwe ka Nsomba ya Salmon

Amayi anzathu okhala ku Britain, amene mumalakalaka chambo cha ku Mangochi, musavutike mtima ndi ndiwo za madzulo mukaweruka ku ntchito muli otopa. Nsomba ya salmon, imene imawetedwa kwambiri ku Scotland ndi ku Norway, imapsa m'mphindi zosakwana 10. Komabe ndi yokwera mtengo, ndipo ambiri amaiwononga poikazinga monga chambo, m'mafuta ambiri mpaka kuuma gwa. Nsombayi ndi yonona kale, choncho imafuna mafuta ochepa ndi nthawi yochepa.

Gulani nthuli zokhala ndi khungu. Zipukuteni ndi kansalu koyera kufikira zitauma, pakuti madzi ndiwo amachititsa nsomba kumatirira m'chiwaya. Zithireni mchere. Ikani chiwaya pamoto, thirani supuni imodzi ya mafuta, ndipo dikirani atenthe bwino. Gonekani nthulizo khungu lili pansi, n'kuzikanikiza pang'ono ndi supuni kuti khungulo lisapindike.

Apa ndiye pofunika kuleza mtima. Musazigwedeze kwa mphindi 6. Mudzaona kufiira kwa mnofu kukuyezuka kuyambira pansi kukwera pamwamba. Kuyezukako kukapitirira pakati, tembenuzani, ndipo pakatha mphindi 2 phulani. Finyirani ndimu pamwamba.

Popeza nsomba yokazinga ilibe msuzi, konzani pambali wa matimati ndi anyezi. Ndi nsima yotentha kapena mpunga, bambo ndi ana adzadya mokondwa, inunso mudzapeza mpata wopumula.