Chongwe, khomo la Zambia: zinayi zoposa zonse

Munthu akatchula Chongwe, ambiri amaganiza za minda ya chimanga, dziko la Asoli ndi mwambo wa Chakwela Makumbi wa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Koma mlendo wolemekezeka wobwera ku Lusaka pa ndege amayamba waponda nthaka ya boma limeneli asanaone likulu.

Bwalo lalikulu koposa

Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ndilo lalikulu m'Zambia monse, ndipo lili m'boma la Chongwe. Linatsegulidwa mu 1967, ndipo dzina la Kaunda analipatsa ndi Pulezidenti Michael Sata mu 2011. Nyumba yatsopano yolandirira apaulendo inatsegulidwa mu Ogasiti 2021. Inamangidwa ndi kampani ya ku China pa ngongole ya madola 360 miliyoni yochokera ku banki ya boma la China. Alendo amaiyamikira kukongola, koma ngongoleyo obweza ndi eni dziko.

Tsiku lowawa koposa

Pa 19 Okutobala 1978, ndege zankhondo za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ZIPRA, gulu la omenyera ufulu a Joshua Nkomo, ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, n'kupha anthu ambiri. Mtsogoleri wa ndegezo, wodzitcha Green Leader, analankhula pa wailesi ndi oyang'anira ndege pa bwalo lomweli, kuwalamula kuti ndege zankhondo za Zambia zisanyamuke. Umenewu unali mtengo womwe Pulezidenti Kaunda analipira posunga omenyera ufuluwo. Wosunga mlendo wothawa nkhondo amadziwa kuti adani ake adzagogodanso pa chitseko chako.

Mlendo wosaiwalika koposa

Pa 27 Febuluwale 1990, patangopita masiku 16 chitulukireni m'ndende, Nelson Mandela anatera pa bwaloli. Uwu unali ulendo wake woyamba kunja kwa South Africa atakhala m'ndende zaka 27. Anasankha Lusaka chifukwa kumeneko n'kumene kunali likulu la chipani chake cha ANC pa nthawi ya tsankho. Bwalo lomwe linamva mawu oopseza a Green Leader linaona Kaunda akukumbatira Mandela pamaso pa khamu la anthu. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake, mu Meyi 1989, Papa Yohane Paulo II anateranso pomwepa.

Msewu wamalonda wofunika koposa kummawa

Msewu wa Great East umadutsa pakati pa tauni ya Chongwe kupita ku Chipata mpaka ku malire a Malawi. Mu Disembala 2022, Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegula chipata chimodzi cha Mwami ndi Mchinji, kuti madalaivala a malole azionetsa mapepala pamalo amodzi m'malo moima kawiri.

Mukamadutsa pa Chongwe n'kugula chimanga chootcha m'mbali mwa msewu, yang'anani kumwamba. Ndege yomwe ikutsikayo ikutera pa bwalo limene Mandela anapondapo koyamba kunja kwa kwawo atatuluka m'ndende.