FUPA LIKATHYOKA KU VUBWI, TITHAMANGIRE KWA YANI?

Nyengo yokolola ikafika, ngozi nazo zimaculuka m'midzi ya kuno ku Vubwi. Ngolo yodzala cimanga igubuduka pamtsetse, honda yonyamula matumba a soya iterereka pamcenga, ng'ombe iponda mwini wake. Mwezi wa Novembala ana amagwa m'mitengo ya mango. Mlimi akathyoka mwendo, banja lonse lathyoka, pakuti khasu ndi joko sizidikira munthu wogona pamphasa.

Ambiri a ife timayamba kwa mkulu wa m'mudzi wodziwa kulunzanitsa mafupa. Cifukwa cake n'codziwika: ali pafupi, alandira nkhuku, ndipo amgwira wodwala ndi manja ake namumvetsera mosafulumira. Amatema mphini, napaka mankhwala, namanga nsungwi. Ena amaciradi, cifukwa fupa losasuntha pamalo pake limalumikizana lokha likapumula.

Koma pali zina zimene dzanja silingaone. Ciwalo cothyoka cimatupa masiku oyamba. Nsungwi zikamangidwa zolimba, magazi saleka kuyenda pang'onopang'ono cabe, amatsekeka, ndipo mnofu umafa. Dzanja lotere likafika mocedwa ku cipatala, dokotala amatsala ndi nchito yodula. Fupa lotulukira kunja likathiridwa mankhwala a zitsamba limalowa tizirombo, ndipo limatha kutuluka mafinya zaka zambiri. Cigongono ca mwana cikalumikizana mokhota, cimakhala cokhota mpaka ukalamba.

Nkhani ya manja ndi mafupa siili kwathu kokha. Ku America, m'caka ca 1874, dokotala wina dzina lake Andrew Taylor Still anayamba kuphunzitsa kuti matenda ambiri acokera ku mafupa ndi minofu yosakhala bwino, ndi kuti manja angawaongole. Njira yake inachedwa osteopathy, ndipo anatsegula sukulu ku Kirksville mu 1892. Zambiri zimene anakhulupirira sizinatsimikizike. Omtsatira anasunga luso la manja ndi mwambo woona munthu yense wathunthu, koma analandiranso maphunziro a mankhwala, opaleshoni ndi mayeso a boma. Lero ndi madokotala enieni, pafupifupi wophunzira udokotala mmodzi mwa anayi m'dzikolo ali pa sukulu zawo, ndipo ambiri amasankha kuthandiza mabanja ndi anthu a kumidzi. Kuyambira 2020 amamaliza maphunziro awo m'zipatala pa ndondomeko imodzi ndi madokotala ena onse.

Phunziro lake kwa ife ndi lakuti manja aluso afunika sukulu pambuyo pake, ndipo sukulu ifunika kutumiza ana ake kumene kuli anthu.

Dziko lathu silinagone pa maphunzirowa. Sukulu ya udokotala ya University of Zambia inayamba mu 1966. Ya ku Ndola, pansi pa Copperbelt University, inatsegulidwa mu 2011, ndipo pambuyo pake panabwera Levy Mwanawasa Medical University ku Lusaka. Ku Chainama, kuyambira 2002, ma clinical officer amaonjezera maphunziro kuti azitha kucita opaleshoni m'zipatala za m'maboma. Anansi athu a ku Malawi anayamba mu 1985 kuphunzitsa ma clinical officer a mafupa okhaokha, ndipo ndiwo amamanga zikhakha zambiri m'zipatala za m'maboma kumeneko. Kuno kum'mawa tili ndi cipatala ca St Francis ku Katete, cimene cinayamba mu 1948 ndipo acisamala pamodzi a Anglican ndi Akatolika, ciliso ndi sukulu ya anamwino. Ana opunduka mafupa amathandizidwa ku Beit CURE ku Lusaka kuyambira 2006.

Nanga bvuto lili pati? Lili pakati pa sukulu ndi mudzi. Mu 2022 boma linalemba nchito anthu a zaumoyo opitirira 11,000, cinthu coyamikika. Komabe mu 2025 madokotala acinyamata anadandaula poyera kuti anali kugwira nchito m'zipatala za boma popanda malipiro, podikira kulembedwa. Mwana wa mlimi waphunzira zaka zambiri, makolo agulitsa ng'ombe, iye akhala ku Lusaka manja lende, pamene kwawo mayi wothyoka ciuno akwezedwa pangolo. Vubwi inakhala boma palokha mu 2012, kucoka ku Chadiza, koma wodwala wofunika opaleshoni yaikulu ya mafupa ulendo wake ndi wa ku Chipata Central kapena kupitirira. Malipiro a m'makiliniki a kumidzi anacotsedwa mu 2006, koma motoka ndi cakudya ca womdikirira wodwala zikali pamutu pa banja.

Pali zimene tingacite tokha. Ndalama za CDF zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse mu 2022, ndipo zakhala zikukwera kuyambira pamenepo. Pamsonkhano wa komiti ya citukuko ya wadi, tiyeni tichule nyumba za anamwino, madzi ndi magetsi a pa kiliniki, cifukwa wanchito wopanda pogona sakhalitsa. Tifunse aphungu athu ndi akulu a zaumoyo pa boma ngati makina ojambula mafupa alipo, ngati agwira nchito, ndi ngati alipo wodziwa kumanga cikhakha. Safunsa anadya phula. Tilimbikitsenso ana athu, makamaka atsikana, pa masamu ndi sayansi, pakuti wobadwira kuno sathawa fumbi la kuno.

Akulu olunzanitsa mafupa sitiwanyoza. Tiwapempha, pamodzi ndi mafumu ndi atsogoleri a miphakati, kuti tigwirizane pa zizindikiro zosafuna kucedwa. Ngati pali bala pafupi ndi fupa lothyoka, ngati zala zazizira, zada kapena zacita dzanzi, ngati ululu ukulirakulira pambuyo pomanga, ngati wathyoka ndi mwana, kapena ngati ngozi yakhudza khosi, msana kapena ciuno, wodwalayo apite ku cipatala tsiku lomwelo. Wopweteka msana mnyamuleni cogona pa citseko, osampinda. Ndipo msana wowawa miyezi, munthu naonda, natuluka thukuta usiku, usatofulidwe cabe: TB imalowanso m'mafupa a msana, ndipo mankhwala ake ndi aulere.

Cikhakha cimakhala milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo ambiri amacidula msanga poona munda ukulowa chire. Apa ndi pamene mphakati uyenera kuonetsa nchito yake. Tikalimire mnzathu tsiku limodzi pa mlungu, kuti iye asunge cikhakha cake mpaka dokotala atacicotsa yekha.