Ntchito ya mapepala yoyenera agogo kumapeto kwa chisanu

Kumapeto kwa Julayi ndi mwezi wonse wa Ogasiti, kumudzi zochita zimachepa. Chimanga chili kale m'nkhokwe kapena m'matumba, mtedza wakumbidwa, kusosa sikunayambe kwenikweni. Achinyamata amapeza kopita, kaya kudimba kaya kumsika, koma agogo amatsala pakhonde, kumangosuntha mphasa motsatira dzuwa. Kumadera ozizira monga Dedza, Ntcheu, Thyolo ndi Mulanje, chiperoni chikabwera ndi kamvula kake kowaza, ngakhale pakhondepo sipakhalika. Munthu wamkulu amatha masiku awiri kapena atatu ali m'nyumba, wopanda wocheza naye, zala zitauma gwaa. Kwa amene ali ndi nyamakazi kukhala kotereku n'koipa kwambiri, chifukwa mfundo za zala zikasiya kugwira ntchito zimalimbiratu.

Ife ophunzira tili ndi chinthu chimene chingathandize, ndipo nthawi zambiri timangochiwotcha kuseri kwa hositelo: mapepala. Makope odzaza, manyuzipepala akale, makalendala a chaka chatha, makatoni a sopo. Zonsezi zingasanduke ntchito yamanja yopepuka. Koma tisamale ndi zimene tikupita nazo. Agogo amene anaumba mbiya ndi kuluka malichero moyo wawo wonse sangasangalale kupatsidwa zoseweretsa za ana a mkaka. Adzalandira mwaulemu, n'kuziika pansi inu mukangotuluka. Chimene adzachigwire ndi mtima wonse ndi chinthu choti chikagwira ntchito pakhomo kapena kutchalitchi.

Choyamba ndi zomatira, ndipo sizifuna ndalama. Sungunulani supuni imodzi yaikulu ya ufa wa chinangwa m'kapu ya madzi ozizira, muike pamoto wochepa n'kumatakasa mpaka kaphalako katayamba kunanda. Thiranimo mchere pang'ono kuti kasachite nkhungu msanga, ndipo kazizire musanapereke kwa agogo. Ufa wa tirigu umagwiranso bwino. Nsima, imene tonse tinamatirapo makope kupulayimale, imakanganuka ikauma, choncho isiyeni. Phikani zongokwanira masiku awiri.

Ntchito yabwino kuyamba nayo ndi timaenvulopu tosungira mbewu. Ino ndiyo nyengo imene nthanga za maungu, mphonda, therere, mbewu za khobwe ndi bonongwe zauma ndipo zikudikira mvula. M'makomo ambiri zimasungidwa m'majumbo apulasitiki, koma pulasitiki imatsekera chinyezi m'kati ndipo mbewu ikakhala kuti sinaume bwino imachita nkhungu. Pepala limapuma. Tengani tsamba limodzi la kope, lipindeni kuti mbali ziwiri zikumane pakati ndi kusanjikizana pang'ono, matani pamenepo, pindani kunsi n'kumatanso. Kumwamba mudzapinda mbewu zikalowa. Palibe chodula, palibe choyeza. Wophunzira alembe ndi zilembo zazikulu dzina la mbewu ndi chaka, agogo ndiwo azinena. Apa ndi pamene ntchitoyi imakomera, chifukwa inu mukuona nthanga za maungu basi, pamene iwo akusiyanitsa dzungu lokoma ndi lamadzimadzi, nyemba zoyanga ndi zosayanga, ndiponso akukumbukira amene anawapatsa mbewuyo. Zambiri mwa izi sizinalembedwe paliponse. Timaenvulopu tikadzaza, tiikeni m'chitini chotsekeka bwino kuti mbewa ndi anankafumbwe asafike.

Chachiwiri ndi chokupizira mphepo. Chingaoneke chachilendo kupanga chokupizira munthu atafunda bulangeti, koma kutentha kwa Okutobala sikuli kutali, ndipo amene anakhalapo pamsonkhano wa misasa masana dzuwa litakwera amadziwa kufunika kwake. Dulani katoni mozungulira, kukula ngati mbale ya ndiwo, zidutswa ziwiri. Kudulako ndi kwanu, chifukwa sizasi imapweteka chala chachikulu cha munthu wa nyamakazi. Pakati pa zidutswazo ikani kamtengo ka nsungwi kopalidwa bwino, matani, ndipo mutsindike ndi chinthu cholemera usiku wonse. M'mawa agogo akute mbali zonse ndi pepala la kalendala kapena tizidutswa ta mitundu yosiyanasiyana. Ena amakonda kuti palembedwe vesi limene amalikonda. Gulu la amayi a Dorika likapanga makumi awiri, benchi yonse ya achikulire kutchalitchi yakwanira.

Mbale ya mapepala imatenga masiku angapo, ndipo ubwino wake ndi womwewo, poti agogo amadzuka ali ndi choti apitirize. Vundikirani mbale yeniyeni pamphasa, muikute ndi jumbo kuti mapepala asamatirire. Ng'ambani nyuzipepala m'timizere tokula ngati zala ziwiri. Nyuzipepala imang'ambika mowongoka mbali imodzi yokha, mbali inayo imapita mokhota, ndiye yesani kaye kuti mupeze mbali yake. Kung'amba kumeneku n'kwabwino ku zala ndipo ngakhale amene maso awo achita mdima amakwanitsa. Viikani timizereto m'zomatira, kusanja pambalepo mopingasa, magawo awiri kapena atatu patsiku, n'kuyanika padzuwa. Magawo asanu ndi atatu akauma, mbaleyo imalimba ndithu. Si yoikamo madzi kapena chakudya, koma singano, ulusi, mabatani ndi makiyi zimapeza malo, ndipo ana a Sukulu ya Sabata angathe kuigwiritsa ntchito potolera chopereka. Tsiku la chiperoni musasanje gawo latsopano. Pepala losauma bwino limanunkha ndipo limaitana mphemvu.

Pali ntchito ina imene anthu opanga zamanja amaikonda, ya mikanda ya mapepala. Amadula pepala la magazini lalitali losongoka kumapeto, n'kulikulunga pakamtengo kuyambira kotambalala. Ambiri amapangira zovala m'khosi, zimene ife a Adventist sitivala, komabe mikandayo ikatungidwa m'zingwe zazitali imakhala katani yokongola ya pakhomo la chipinda. Ine sindingayambe nayo. Imafuna maso akuthwa ndi zala zosanjenjemera, ndipo munthu wamkulu akalephera kawiri katatu pamaso pa mdzukulu, amachita manyazi n'kusiyiratu zonse. Isungireni amene akusokabe okha.

Nthawi yabwino ndi kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa, dzuwa litafunda, pamalo owala koma obisika ku mphepo ya Ogasiti imene imauluza mapepala. Zala zikakhala zouma, aziviike kaye m'madzi ofunda kwa mphindi zochepa. Ola limodzi ndi lokwanira. Ngati kwazizira moti mwalowa m'nyumba, mbaula ikhale patali ndi mapepala, ndipo zenera kapena chitseko chikhale chotsekula pang'ono. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo umagonetsa munthu asanazindikire.

Sankhaninso mapepala mwanzeru. Masamba a Baibulo lothaitha, buku la nyimbo kapena mabuku akale a Sukulu ya Sabata musawang'ambe. Achikulire ambiri zimawapweteka mtima kuona zotere zikupakidwa phala, ndipo makope athu a masamu alipo ambiri. Yang'ananinso kuti pasakhale mapepala okhala ndi mayina a anthu, makamaka inu amene mukuphunzira zachipatala.

Popeza iyi ndi ntchito, tsiku lake si Sabata. Lamlungu masana kapena tsiku limene a Dorika amakumana m'kati mwa mlungu ndi nthawi yabwino, ndipo zimayenda bwino achikulire akakhala atatu kapena anayi pamphasa imodzi kusiyana ndi mmodzi yekha. Ngati pali agogo amene sangathe kuyenda, gululo likakumane kwawo, wina anyamule mapepala, wina kapoto ka zomatira.