Dziko Sililowa M'bokosi la Galasi

M'chaka cha 1833 atsamunda anapha Yagan, mtsogoleri wa a Noongar a kumwera chakumadzulo kwa Australia, n'kumudula mutu. Mutuwo unapita ku England kukaonetsedwa ngati chinthu chodabwitsa, kenaka unasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ku Liverpool. Unabwerera kwawo mu 1997, n'kuikidwa m'manda mu 2010. Anthu amene anaona zotere, ukawauza kuti ukukonza chionetsero cha chikhalidwe chawo, ayenera kufunsa kaye kuti wosankha zoonetsazo ndani.

N'chifukwa chake okonza WA Museum Boola Bardip, imene inatsegulidwa mumzinda wa Perth mu 2020, anayamba akhala pansi ndi eni nthaka. Koma ngakhale mutagwirizana, ntchito imakhalapobe. Mkondo ungathe kuupachika pakhoma. Nanga mtsinje wa Derbarl Yerrigan, umene azungu anautcha Swan, womwe a Noongar amati unakumbidwa ndi njoka yaikulu Waugal? Nanga nyengo zawo zisanu ndi imodzi, kuyambira Birak mpaka Kambarang, zimene amazidziwira ku maluwa ndi mphepo, osati pa kalendala? Ife odziwa za Napolo nkhani ya njokayi siingatidabwitse.

Kwathu vutoli lili ndi nkhope ina. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, nyumba ya Chamare ili ndi zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Zili phee, popanda mbalule, popanda fumbi la pabwalo, ndipo ena olowa kudambwe sizimawasangalatsa kuziona poyera chonchi. Komabe ukatuluka panja, bwalo lenilenilo lilipo, mfumu ikugawabe minda. Zojambula za ku Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawazindikira mu 2006, zidakali pamiyala pomwe makolo anazisiya. Kwa a Noongar mwayi umenewu ngochepa: malo awo ambiri ozungulira Perth anakwiriridwa ndi phula ndi nyumba zosanja, motero chionetsero chimasenza katundu amene kwathu nthaka imasenza yokha.

Pamene atiposa mpaulemu. Nyumba zotere ku Australia zimachenjeza pakhomo kuti m'katimo muli zithunzi ndi mawu a anthu omwe anatisiya, ndipo zina akuluakulu akakana sizionetsedwa. Kuno mlendo akafika pabwalo amangosolola foni, pofika madzulo chilombo chili pa Facebook, mwini mzinda asanafunsidwe.