Mau a Cingelezi Amene Acotsetsa Munthu Nchito

Anyamata ambiri a m'dziko la Mfumu Mwape, m'boma la Nyimba, akatha kukolola amakwera mtunda kucokera ku cigwa ca Luangwa kukafuna nchito. Ena amathera pa Nyimba pomwepo kapena ku Petauke, ena amatsata mseu waukulu mpaka ku Lusaka. Zina mwa nchito zimene amapeza, monga zomanga nyumba, za m'masitolo, za m'migodi ndi za pa msika wa thonje, eni ake ndi anthu a ku China. Pamenepo pamakumana anthu awiri, aliyense ndi cilankhulo cake, amene ayenera kukambirana m'cilankhulo cacitatu cimene onse awiri anacita kubwereka.

Mwana wa kwa Mwape amayamwa Cinsenga, ku sukulu napeza Cinyanja, pambuyo pake Cingelezi, cimene malamulo a dziko lino anacikhazika kukhala cilankhulo ca boma. Mchaina naye Cingelezi anaciphunzira ku sukulu kwao, kapena anacita kucitola pa nchito. Zinthu zikamayenda bwino mau owerengeka ndi kulozerana ndi cala zimakwanira. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, inamangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975 ndi anthu amene ambiri a iwo sanali kumvana cinenero. Koma tsiku limene makina aonongeka, simenti yauma m'matumba, kapena ndalama zaperewera m'kabati, cala sicithanso kufotokoza kanthu. Pafunika mau, ndipo mau ake ndi a mlandu.

Cichaina cili ndi liu lalifupi lakuti “cuo”, limene limveka ngati “tswo”. Liu limeneli limanyamula katundu wambiri: kuphonya samu, kusocera njira, kucimwira munthu, zonsezi ndi “cuo”. Ngakhale poyamikira cinthu amati “bu cuo”, ndiye kuti palibe colakwika. Cinyanja naco cili ndi liu lotere, lakuti kulakwa. Mwana wotaya madzi walakwa, wakuba mbuzi walakwanso, ndipo akulu a pabwalo ndiwo amayeza kukula kwa kulakwako.

Cingelezi sicidikira akulu a pabwalo. Cimayeza mlandu m'liu lenilenilo. “Mistake” ndi kuphonya kosafuna, kumene munthu aliyense angacite. “Fault” ndi liu loloza mwini wa kulakwako, ndipo kunena kuti “your fault” ndiko kusenzetsa munthu mlandu. “Negligence” ndi kusasamala kwa munthu amene anali kudziwa cocita koma anacita mphwayi. “Misconduct” ndi kuswa mwambo wa pa nchito, ndipo patsogolo pake pakabwera liu lakuti “gross” ndiye kuti munthu ayambe kumanga katundu wake. Kapitao wa ku China amene m'mutu mwake muli “cuo” angathe kutola liu lililonse mwa anayi amenewa m'buku lomasulira mau kapena pa foni, nalilemba pa pepala, osadziwa kuti wasankha pakati pa cenjezo ndi cikwanje. Mnyamata naye amasaina, poganiza kuti wangovomera kuti analakwa.

Palinso liu lina lovuta, lakuti “maobing”. Kwa Mchaina galimoto yokana kulira ili ndi “maobing”, munthu wokonda kucedwa ali ndi “maobing”, wodwala m'mimba nayenso ali nayo. Cingelezi cimalekanitsa zimenezi. “Defect” ndi cilema ca cinthu cimene cinabwera naco kucokera kofulidwa. “Damage” ndi kuonongeka kobwera pambuyo pake. “Weakness” ndi kufooka kwa munthu. Kusiyanaku kuli ndi ndalama m'kati. Pampu ikakhala ndi “defect” mlandu ndi wa amene anaipanga kapena kuigulitsa. Pa lipoti pakalembedwa “damage”, maso onse amatembenukira kwa amene anaigwira potsiriza, ndipo kawirikawiri ameneyo ndi wolandira malipiro ocepa koposa onse.

Lamulo la za nchito la 2019, lochedwa Employment Code Act, limachula zifukwa zimene bwana angacotsere munthu nchito tsiku lomwelo popanda notisi. Zina mwa izo ndi “gross misconduct”, kukana dala lamulo loyenera la bwana, kunyalanyaza nchito kawirikawiri kapena kwakukulu, ndi kujomba kosalekeza popanda cilolezo. Kuphonya wamba kosafuna sikunachulidwe pa mndandanda umenewo. Lamulo lomwelo limati munthu asacotsedwe pa cifukwa ca khalidwe kapena kagwiridwe ka nchito asanapatsidwe mpata wodziyankhira, ndiponso kuti bwana wocotsa munthu popanda notisi apereke lipoti kwa a Leba a m'bomalo pasanathe masiku 4. A Leba akalandira pepalalo amawerenga mau amene alembedwapo, osati amene anali m'mitima ya anthu.

Mpata wodziyankhirawo ndiwo uli ndi msampha waukulu. M'Zambia wanchito woimbidwa mlandu amauzidwa kulemba kalata yochedwa “exculpatory letter”, ndiyo kalata yodziteteza, yofotokoza mbali yake ya nkhani. Ku China kuli mwambo wina wa kalata, wochedwa “jiantao”. Mwana wa sukulu kapena wanchito akalakwa amalemba kalata yodzidzudzula yekha, kuvomera kulakwa ndi kulonjeza kusintha, ndipo nthawi zambiri nkhani yaing'ono imathera pomwepo. Makalata awiriwa amayang'ana kosiyana: ina ndi cishango, ina ndi kugwira mwendo. Bwana wa ku China angauze mnyamata ndi mtima wabwino ndithu kuti lemba kuti walakwa, zithe. Mnyamata wa kumudzi, amene anakula akuona kuti wopepesa kwa mfumu amacepetsa mlandu, amalemba mosavuta. Koma kalatayo imalowa m'faelo. Pakapita miyezi, bwana wina atabwera kapena mkangano wina utabuka, imaturuka ngati umboni wolembedwa ndi dzanja la mwini wake. Mlandu suola, makamaka wa papepala.

Liu lakuti “sorry” nalo lapweteketsa anthu. Kwathu kuno munthu akapunthwa, onse oona amati pepani, ngakhale sanaike mwalawo ndi iwo, ndipo polankhula Cingelezi amati “sorry, sorry”. Mchaina ali ndi liu lakuti “duibuqi”, limene amalinena makamaka pamene iye mwini walakwira mnzake. Tsono galasi likasweka, wanchito amene wathamangira ndi “sorry” wacifundo amamveka ngati akuulula.

Codabwitsa n'cakuti pali malo ena pamene Cinyanja ndi Cichaina zimagwirizana, Cingelezi n'kutsala cokha. Wina akafunsa kuti “Sunathyole ndiwe?” Mnyanja amayankha kuti inde, kutanthauza kuti sanathyole. Mchaina nayenso amavomera funso lotere mwa njira yomweyo. Mngelezi amati “no”. Awiriwo angamvane bwinobwino pakamwa, koma kalaliki akalemba kuti woimbidwa mlandu anayankha “yes”, wowerenga pambuyo pake adzamva zina. Komanso mneni wa Cichaina sasintha posonyeza nthawi monga acitira wa Cinyanja. Kapitao akafuula kuti “you break machine”, mwina akucenjeza kuti udzaononga makina, mwina akuti waononga kale.

Nanga kudzudzula? “Piping” kwa Achaina ndi nchito ya tsiku ndi tsiku ya mphunzitsi, kholo kapena mkulu wa nchito, ndipo buku lomasulira limapereka liu lakuti “criticise”. Anthu a kuno sakana kudzudzulidwa, pakuti amadziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Cimene amakana ndi kukalipiridwa pagulu, makamaka bambo wa ana kukalipiridwa ndi mnyamata, ndi mau onga “stupid” kapena “useless”, amene mlendo angawatole osazindikira kuti sali odzudzula koma onyoza. Achaina eni ake amacidziwa cimeneci, popeza ali ndi liu lakuti “mianzi”, nkhope ya munthu pamaso pa anzake, imene siyenera kugwetsedwa. Kumene mkwiyo waunjikana popanda womasulira zinthu zimafika poipa. Pa mgodi wa malasha wa Collum ku Sinazongwe, akapitao awiri a ku China anaombera anchito mu October 2010 navulaza oposa 10, ndipo mu August 2012 mkulu wina wa ku China anaphedwa pa cipolowe. Gwero la mikangano imeneyo linali malipiro ndi kagwiridwe ka nchito, osati mau okha. Koma anthu osamvana cinenero amacedwa kuzimitsa moto.

Alimi otsala kumudzi nkhaniyi iwakhudzanso. Makampani ogula thonje m'cigawo ca Kum'mawa, kuphatikizapo a eni a ku China, amapereka mbeu ndi mankhwala pa ngongole. Mlimi amene wacedwa kubweza cifukwa ca cilala ali pa “delay”. Wolembedwa kuti “defaulter” ndi wothawa ngongole, ndipo caka camawa angamanidwe mbeu. Thonje lochedwa “contaminated” ndi lolowa zinyalala kapena ulusi wa matumba a pulasitiki, osati lopopera mankhwala oipa, monga ena amaganizira.

Sukulu yophunzitsa Cichaina ya Confucius Institute inatsegulidwa pa University of Zambia mu 2010, ndipo mu 2019 boma linalengeza kuti cilankhuloci ciyamba kuphunzitsidwa m'masukulu ena a sekondale. Omasulira akuculuka pang'onopang'ono, koma ambiri ali ku Lusaka ndi ku migodi. Wanchito wa kwa Mwape amene wapatsidwa pepala angathe kupempha kuti alitenge kaye, amwerengere mphunzitsi kapena a Leba, asanaikepo dzina kapena cala cake.