Foni ikanamanena mtengo wa ku Limbuli munthu asanakwere kabaza

Mayi wogulitsa tomato ndi nthochi pafupi ndi chipatala cha Mulanje Mission amadzuka ndi funso limodzi tsiku lililonse: lero akaode kuti? Ku Chitakale kuli msika, ku Nkando nakonso, pomwe ku Limbuli katundu amachuluka chifukwa wina amalowa kuchokera ku Mozambique kudzera pa Muloza. Vuto ndi loti mtengo wa tsikulo amaudziwa atafika kale, ndalama ya thiransipoti itapita. Akapeza kuti dengu lakwera sangabwerere chimanjamanja. Amaoda pang'ono, ndipo phindu limakhala lathera mumsewu.

Pulogalamu ya pafoni yoyamba imene wamalonda wotere angailandire ndi manja awiri ndi yonena mitengo ya m'misika yoyandikana, ya tsiku lomwelo. Zikumveka zophweka, koma pali pokhota. Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira mbewu monga chimanga, soya ndi nandolo, ndipo mitengoyo imakhala ya pa kilogalamu. Wamalonda wa pamsika sagula ndi sikelo nthawi zonse. Amagula pa dengu, pa ndowa, pa mulu, pa mkoko wa nthochi, ndipo dengu la munthu uyu silifanana ndi la uyo. Pulogalamu yongolemba kuti dengu lili pa mtengo wakuti ingasocheretse anthu. Iyenera kuonetsa chithunzi cha dengulo komanso nthawi imene mtengowo walembedwa, poti mtengo wa tomato mamawa umasiyana ndi wa masana galimoto zodzaza zikafika.

Nanga wolemba mtengowo akhale ndani? Akakhala wogulitsa, adzatchula mtengo wotsika kuti anthu akhamukire kwa iye, kenako n'kuwauza kuti katundu wotchipayo watha. Akakhala mmodzi mwa ooda, angathe kunena mtengo wokwera dala kuti anzake asabwere. Yodalirika ingakhale yotenga mitengo kwa anthu angapo amene agula kale, n'kuonetsa wotsikitsitsa ndi wokweretsetsa. Kwa ooda cha kumalire, ionjezerepo mmene metical ikusinthidwira ndi kwacha tsikulo, chifukwa chitsikireni mphamvu ya kwacha mu November 2023 palibe amene amadaliranso mtengo wa sabata yatha.

Yachiwiri ndi ya ngongole. Pa Mission pali makasitomala ambiri olandira pakutha pa mwezi, ndipo wa okala amene sakongoza sachedwa kuwataya. Kope la ngongole limanyowa, limang'ambika, mwana amathothola pepala. Komanso kukumbutsa munthu waulemu wake, amene mumapemphera naye tchalitchi chimodzi, kumachititsa manyazi. Apa foni ikanathandiza kwambiri: wokongola atsimikize yekha pa foni yake kuti watenga shuga ndi sopo wa ndalama zakuti, ndipo tsiku la malipiro likafika uthenga waulemu upite wokha. Mkangano wa "ine ndinatenga paketi imodzi yokha" ungathe. Ikanamachenjezanso mwini okala ngongole zonse zikafika pa theka la mpamba wake, chifukwa okala zambiri zimagwa chinunu, katundu akuoneka ngati akuyenda koma ndalama yokaodera palibe.

Za thiransipoti n'zachidule. Anthu atatu ochokera dera limodzi amapita msika umodzi, aliyense n'kulipira njinga yamoto yakeyake. Pulogalamu yowalumikiza kuti asonkherane galimoto imodzi, kapena atume mmodzi, ingapulumutse ndalama yooneka.

Pali chinthu chimodzi chimene opanga mapulogalamu m'tauni amaiwala. Amalonda ambiri akumudzi ali ndi foni ya mabatani, ndipo amene ali ndi yamakono amayatsa intaneti pokhapokha akagula bandulo. Magetsi akazima, kutchajitsa nako ndi ndalama. Airtel Money ndi TNM Mpamba zinafala chifukwa zimagwira ntchito pa foni iliyonse, munthu akangoyimba *211# kapena *444#. Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, chinafikira anthu ambiri chifukwa chinali chongoyimba n'kulankhula Chichewa. Pulogalamu ya mitengo yofuna bandulo tsiku lililonse, yolembedwa m'Chingerezi, ingathandize mavenda akuluakulu okha, omwe mitengo amaidziwa kale.

Podikira zonsezi, zina zingatheke lero lomwe. Gulu la WhatsApp la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi odziwana bwino, ooda m'misika yosiyana, limagwira pafupifupi ntchito ya pulogalamu ya mitengo ija. Aliyense akafika atumize chithunzi cha dengu ndi uthenga wa mawu wonena mtengo. Gulu likakula kwambiri limadzaza ndi mapemphero, nthabwala ndi nkhani za mpira, mtengo n'kusowa pakati. Wopanda foni yamakono agwirizane ndi mnzake wodalirika kuti azingomuflasha, winayo n'kumuyimbira asananyamuke. Kope la ngongole lijambulidwe pa foni madzulo aliwonse, kapena likoperedwe mu lina losungidwa kunyumba.

Pa malipiro a pafoni, uthenga umene kasitomala akuonetsa pa foni yake si umboni. Mauthenga abodza ofanana ndi enieni alipo, ndipo ena amatumizidwa kuchokera pa nambala wamba. Wamalonda aone yekha ndalama zimene zili mu akaunti yake asanapereke katundu, ngakhale mzere utalike. Nambala yachinsinsi asauze aliyense, ngakhale woyimba atanena kuti ndi wa ku kampani ya foni, ndipo ikhale yosiyana ndi chaka chake chobadwa.