Nyumba ya m'Cipululu Imagwa ndi Madzi

M'caka ca 1926 kunagwa mvula ya masiku atatu ku Siwa, dera la akasupe ndi mitengo ya kanjedza limene lili pakati pa cipululu kumadzulo kwa dziko la Egypt. Kumeneko zimatha zaka mvula yooneka isanagwe. Mudzi wakale wa Shali, umene anaumanga ndi dothi losakaniza ndi mcere wouma wa m'nyanja za m'deralo, unali utapirira dzuwa kwa zaka mazana angapo. Koma masiku atatu aja anakwanira kusungunula makoma ambiri, ndipo eni ake anasiya nyumba za makolo awo nakamanga kunja kwa linga.

Anthu a m'zipululu anazindikira kalekale kuti dzuwa ndi mphepo zimafooketsa nyumba pang'onopang'ono, koma cimene cimaigwetsa ndi madzi, ngakhale akhale a tsiku limodzi. N'cifukwa cake mwini nyumba wa kumalo ouma sadikira kuti aone mitambo. Amakonza kunja kwa nyumba yake caka ndi caka, kumwamba kuli mbee.

M'Zambia mulibe cipululu conga ca Sahara, koma ambiri mwa ife timacokera kumalo otentha ndi ouma. Zigwa za Luangwa ndi Zambezi, kuphatikizapo Gwembe, Chirundu ndi Feira, zili m'cigawo ca ulimi cimene cimalandira mvula yosakwana mamilimita 800 pacaka, ndipo mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 40. Cilala cimene boma linalengeza mu Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse cinaonetsa kuti kumtunda nako kumatha kuuma ngati kucigwa. Pano timaphunzira zambiri za kusamala munda pa nthawi yotere, koma nyumba, nkhokwe ndi khola timaziiwala, cikhalireco ndimo timasunga zonse zimene mundawo watipatsa.

Zimene dzuwa ndi mphepo zimacita

Lata likatenthedwa limafutukuka, likazizira limabwerera. Lata la mamita 3 limene lapsa masana ndi kuzizira usiku limasuntha pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Kusuntha kumeneku n'kocepa, koma kukacitika tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, misomali imakhwefuka ndipo maboo ake amakula. Mitengo ya denga imauma ndi kung'aluka. Dothi la khoma limakhwinyata n'kusiya ming'alu. Mapaipi, zidebe ndi mathanki a pulasitiki osiyidwa padzuwa amafika pophwanyika ngati cigoba ca dzira.

Mphepo nayo ili ndi gawo lake. Mcenga wouluzika suyenda m'mwamba ngati fumbi. Wambiri umadumphadumpha pafupi ndi nthaka, ndipo umapala khoma m'munsi momwe likusenza kulemera kwa nyumba yonse. Ku Chinguetti, mzinda wakale wa m'dziko la Mauritania, mcenga wafika pokwirira nyumba zina mpaka kudenga.

Ndiye kumabwera mvula yoyamba, kawirikawiri ndi mkuntho. Nthaka youma gwa siimwa madzi msanga, motero amathamanga pabwalo kufunafuna potsika. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 40 likalandira mvula ya mamilimita 20 limakhuthula malita 800, pafupifupi madiramu anayi, ndipo ngati palibe cowalondolera, onsewo amagwera m'tsinde mwa khoma. Mng'alu uliwonse umene dzuwa linatsegula umasanduka khomo la madzi.

Shibam: kusamala mutu ndi mapazi

M'cigwa ca Hadramawt ku Yemen muli mzinda wa Shibam, wa nyumba zosanjikizana pafupifupi 500 zomangidwa ndi njerwa zosaocha. Zambiri zili ndi nsanjika zisanu kapena kuposerapo, ndipo zina zimafika mamita 30 kutalika. Mzindawu unamangidwanso m'zaka za m'ma 1500 madzi osefukira ataononga wakale, ndipo bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo a cuma ca dziko lonse lapansi mu 1982.

Nyumba za dothi zimenezi zakhala zaka mazana cifukwa amisiri a kumeneko amasamala malo awiri koposa onse: pamwamba ndi pansi. Madenga awo ndi athyathyathya, ndipo iwo pamodzi ndi makoma a nsanjika zapamwamba amapakidwa laimu woocha ndi wosinja bwino, amene amaletsa madzi kulowa komanso amabweza kuwala kwa dzuwa. M'tsinde mwa makoma namo amamatamo laimu. Pakati pa khoma amangomata dothi latsopano likayamba kukokoloka. Nyumba imene eni ake acoka imayamba kuonongeka msanga, ndipo ikagwa imaika pangozi ya mnansi.

Cina cimene cinavutitsa Shibam sicinacokere kumwamba. Madzi a m'mipope atafika mumzinda popanda ngalande zokwanira zocotsera madzi ogwiritsidwa kale nchito, cinyezi cinayamba kudya maziko. Madzi osefukira a mu Okutobala 2008 anadzapeza nyumba zina zili zofooka kale. Phunziro lake likutikhudza tonse: madzi a kubafa, a pothandala la mbale ndi a mpope wodontha amagwira nchito yawo tsiku lililonse, mvula igwe kapena isagwe.

Djenné: tsiku la mudzi wonse

Mzinda wa Djenné ku Mali uli kum'mwera kwa Sahara, m'dera la mvula yocepa koma yamphamvu. Mzikiti wake waukulu, umene unamangidwa momwe ukuonekera lero mu 1907, ndi umodzi mwa nyumba zikuluzikulu za dothi padziko lapansi. Caka ciliconse mvula isanayambe, mzinda wonse umasonkhana kudzaumata. Dothi limanyikidwa m'maenje kukali masiku, kusakaniza ndi mankhusu a mpunga, ndi kusiyidwa kuti livunde. Amayi ndi atsikana amatunga madzi, anyamata amaponda ndi kunyamula matope m'madengu, ndipo amisiri amakwera makoma. Timitengo ta mgwalangwa tosongoka kunja kwa khoma anatiika pomanga pomwe kuti omata azipondapo. Mipope ya dothi loocha imaturuka kudenga kuti madzi agwere kutali ndi khoma.

Omanga anadziwa kuti nyumbayo idzafuna kukonzedwa, ndipo anakonzeratu njira ya okonza. Komabe kumata kokha sikukwanira. Pamene bungwe la Aga Khan Trust for Culture linakonza mzikitiwu, linacotsa dothi lambiri limene linaunjikana ndi kumata kwa zaka zambiri mpaka kulemetsa denga. Mu Novembala 2009, nchitoyo ili mkati, mbali ya nsanja imodzi inagwa itagwa mvula yamphamvu. Womata wanzeru amayamba wapala cakale cofooka asanaikepo catsopano.

Pakhomo pathu

Yambani ndi denga. Kwerani m'mamawa malata asanatenthe, ndipo yesani msomali uliwonse. Wokhwefuka muzule ndi kukhoma wina wokulirapo, makamaka m'mphepete ndi m'ngodya momwe mphepo imayambira kukanganula. Onaninso waya womanga mitanda ku khoma, pakuti denga limene lasanjikidwa miyala pamwamba silinamangidwe ayi. Denga la udzu lipeseni, lowetsani udzu watsopano pamene pacepa, ndipo sokani msonga yake. Denga lililonse lizipitirira khoma ndi theka la mita kapena kuposerapo, kuti khoma likhale pamthunzi masana ndi kutali ndi madzi odontha.

Mukatsika, yang'anani tsinde la khoma. Kwezani khonde kuzungulira nyumba yonse, litsetserekere kunja, ndipo pamene madzi a kudenga amagwera yalani miyala. Kumbani kangalande kotsogolera madziwo ku dzenje la nthoci kapena la mtengo wa zipatso. Amene ali ndi malata angaike gatala ndi diramu kapena thanki: denga lomwe lija la masikweya mita 40, pa caka ca mvula ya mamilimita 600, limalandira malita 24,000. Thanki likhale pamthunzi ndi lovundikira, ndipo mapaipi a pulasitiki akwiriridwe. Bafa ndi thandala zikhale patali ndi nyumba, ndipo madzi ake apite ku mitengo.

Pomata, palani dothi lonse lotekeseka, tsegulani ming'alu pang'ono ndi kunyowetsa khoma. Dothi la paculu lokha limang'aluka likauma, motero lisakanizeni ndi mcenga, udzu woduladula kapena mankhusu a mpunga, ndi ndowe, ndipo lisiyeni livunde masiku angapo. Yesani timagawo tating'ono pakhoma, muone msanganizo umene wauma osang'aluka ndi osayoyoka. Matani mopyapyala kawiri m'malo mwa kamodzi kocindikala, ndipo gwirani nchito kumbali ya mthunzi, cifukwa matope ouma mofulumira sagwira. Simenti pa khoma la dothi imaoneka yolimba, koma imatsekera cinyezi mkati ndipo pakapita nthawi imakanganuka m'mapale. Laimu wosungunula m'madzi, wopaka mopyapyala kawiri kapena katatu pa khoma lonyowa pang'ono, amalola khoma kupuma ndipo kuyera kwake kumacepetsa kutentha m'nyumba. Samalani maso ndi manja, pakuti laimu amaocha.

Ciswe cimafuna cinyezi ndi mdima. Fufuzani tinjira take tadothi pa makoma, pa mafelemu ndi pa miyendo ya nkhokwe, ndipo musaunjike nkhuni kapena mapesi motsamira nyumba. Lambulani udzu wouma kuzungulira nkhokwe ndi khola moto wa m'chire usanayambe.

Pomaliza pali mitengo, imene ndi nchito ya zaka. M'cilimwe mphepo ya kuno imaomba kwambiri kucokera kum'mawa ndi kum'mwera cakum'mawa, motero mpanda wamoyo kumbali imeneyo umacepetsa fumbi ndi mcenga. Kumadzulo, kumene dzuwa la masana limaocha khoma, bzalani mtengo wa mthunzi monga nimu, bwemba kapena mango, motalikira mamita angapo kuti mizu ndi nthambi zisafike panyumba. Pafupi ndi khola, msangu ndi wabwino: umakhala ndi masamba m'cilimwe pamene mitengo ina yayoyola, ndipo nyemba zake ndi cakudya ca ziweto.

Nthawi yake ndi iti?

Nthawi yabwino ndi pakati pa kukolola ndi mwezi wa Seputembala. Udzu umakhala ulipo, madzi opondera dothi asanaphwe m'madambo, ndipo kutentha kumalola munthu kukhala padenga. Wodikira Okutobala amapeza zitsime zatsika, malata akupsa, ndipo munda ukumuitana kuti akakumbe maenje obzalamo.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu a ku Djenné akucita zomwezo mpaka lero. M'mudzi uliwonse muli nyumba imene mwini wake sangathe kukwera makwerero: ya agogo, ya mayi wamasiye, ya wodwala. Nyumba zimenezi ndizo zimayamba kugwa mvula ikabwera, ndipo nthawi zina zimagwa anthu ali m'tulo. Inu amene munatsiriza maphunziro ndi inu amene mukali pano, kambiranani ndi mfumu ndi magulu a mpingo, a amayi ndi a acinyamata, kuti musankhe tsiku limodzi mu Ogasiti. Nyikani dothi kukali sabata, lembani nyumba zofunika thandizo, ndipo yambirani pa ya munthu amene sangathe kukubwezerani.